Bulangeti la Mphonje Zofiira

"Nanga iyeyo anapita atafunda chiyani?"

Amayi anafunsa akuyang'ana pansi. Amalume, a Hoskie, anali atavula chipewa akuchizunguza m'manja. Ine ndinali chiimire pabwalo, sutikesi kudzanja lina, digiri yanga ya uphunzitsi kudzanja linalo. Bulangeti lomwe ndinafika nditafunda linali pamchenga pakati pathu, pomwe amayi anandiuza kuti ndiligwetsere.

Linali bulangeti la kufakitale, la ubweya wa nkhosa weniweni, lobiriwira, la mizere yachikasu ndi yakuda, ndi mphonje zofiira monga amakhalira mabulangeti a akazi. Amalume anandiveka dzulo lake pamwambo womaliza maphunziro mumzinda wa Flagstaff, anthu akuomba m'manja. Amayi sanapite chifukwa nkhosa zinali kuswa.

"Achemwali," anatero amalume, "mabulangeti otere fakitale inatulutsa ambirimbiri. Inu mukuyesa linali limodzi?"

"Tembenuza ngodya iyo." Amayi analoza ndi milomo. "Osati ndi manja, iwe. Ulibe mtengo?"

Amalume anatola kamtengo natembenuza. Pangodyapo panali malo osoka, ochepa ngati chikhatho cha khanda, ulusi wake wotuwa, wopota pamanja.

"Ndinasoka ine," anatero amayi. "Khala linathethekera pamenepo. Ulusiwo ndi wa nkhosa yathu."

"Ndiye linali lanu?" ndinafunsa.

"Linali la mayi ako aakulu."

Mayi aakuluwo anali mkulu wake wa amayi. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu ine ndisanayambe kuyenda. Dzina lawo sindinalimvepo m'nyumba mwathu, poti kwathu wopita satchulidwa, ndipo zake sizikhudzidwa.

"Tsiku limenelo ndinalipinda ndekha," amayi anapitiriza. "Ndinaliika pakhomo pamodzi ndi mikanda yake, iwe Hoskie unakwera hatchi kukaitana a Chindevu, mzungu wa kusitolo uja, kuti adzatiikire malirowo. Ife tinachoka osacheuka. Ukukumbuka kapena sukukumbuka?"

"Ndikukumbuka hatchiyo."

"Walitenga kuti?"

"Kusitolo komweko. Mwana wa a Chindevu uja watsegula bokosi la mabulangeti akale. Ine ndinati akale ndiwo olimba, a masiku ano ndi opepuka ngati pepala. Ndimafunira mwana zabwino. Tsoka silinunkha, achemwali."

"Silinunkha, koma lili ndi chigamba. Maso unawasiya kuti?"

Amalume anavala chipewa, nachivulanso.

"Tiyeni tione bwino. Mwina a Chindevu sanamufunditse, anangolisunga. Zikakhala choncho bulangetili silinakhudze maliro, ndipo mwanayu ali bwinobwino."

"Ndiye ukunena kuti mkulu wanga anapita wosafunda."

"Ayi, sindikutero. Mwina anamufunditsa."

"Ndiye ukunena kuti mwana wanga wayenda ulendo wonsewu atafunda za kumanda."

"Sindikuteronso."

"Nanga ukunena chiyani?"

Amalume anandiyang'ana ngati kuti kukoleji anatiphunzitsa yankho lake. Ndinasuntha phazi kuti ndilowe m'nyumba ndikaike sutikesi.

"Lorinda, ima pomwepo," anatero amayi motsitsa mawu. "Ugona kuchisakasa mpaka tidziwe."

"Amayi, ndangolifunda kuyambira dzulo."

"Ukagwira moto umayamba wawerenga kuti waugwira nthawi yaitali bwanji?"

Chisakasacho ndi cha nthambi, chomwe timaphikiramo nthawi yotentha. Chaka chimenecho munali tiana ta nkhosa tomwe amayi awo anatikana. Ndinayala pakati pawo. Digiri ndinaipachika m'mwamba kuti tianato tisaidye.

Bulangeti amalume analinyamula ndi mitengo iwiri nakalikoloweka mumkungudza wa kumpoto kwa nyumba. Mphepo ikawomba, mphonje zija zinkagwedezeka, ndipo aliyense wodutsa ankayang'ana kwina.

Amayi sanandide. M'mawa ankandiikira khofi ndi mkate wokazinga pamwala, mbale yangayanga, nkubwerera m'mbuyo kuti ndidye akuona. Ankandifunsa za ku Flagstaff ali patali, ngati tikulankhulana patsidya la mtsinje. Chowombera nsalu chawo anachiphimba kuti ndisachiyandikire. Ine ndinali nditaphunzira za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo ndinkadziwa kuti palibe kachilombo kamene kangakhale m'bulangeti zaka zonsezo. Koma mapewa ankandiyabwa. Ndinkadziuza kuti ndi nthata za nkhosa.

Amalume anabweretsa mayi wina woombeza, wa dzanja lonjenjemera. Dzanjalo linanjenjemera, linaloza kumpoto, linaloza kusitolo, kenako linangogwera pamwendo pake.

"Mwaona chiyani, amayi?" anafunsa amalume.

"Pali chinthu chimene chinafika pakhomo."

"Chinalowa?"

"Dzanja silinanene."

Anadya nyama yathu ya nkhosa nabwerera kwawo.

Sabata yachiwiri mkangano unasanduka wina. Ndinkaumva ndili m'chisakasa, poti amayi ankasiya chitseko chotsegula kuti ndisamve ngati andiiwala.

"Tingoitana sing'anga woimba mwambo amuyeretse mwanayu, nkhani ithe," anatero amalume. "Nkhosa zimene adzafune ndithandiza."

"Woimba adzafunsa kuti akumuyeretsa ku chiyani. Udzamuuza chiyani? Mwambo sachita mongoyerekeza. Ukauitana popanda chifukwa, umabweretsa chomwe umati uchotse."

"Ndiye tiliotche."

"Likakhala kuti silinamukhudze mkulu wanga, ndiye kuti akulidikirabe. Iwe uotche chofunda cha munthu amene ali pamphepo?"

"Achemwali, inu mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ndikufuna undiperekeze kusitolo."

"Kukatani?"

"Kukafunsa."

Amalume anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Ubweya wathu timagulitsa kuti? Makalata athu amafikira kuti? Madzi timatunga pampope wa yani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukawakwiyitsa anthu aja, mudzapita kutauni ya Gallup wapansi ndi thumba la ubweya pamutu."

"Mlandu suwola."

"Wawolatu uwu. Chindevuyo wakalamba, akuti nthawi zina amaiwala mwana wake yemwe."

"Ndiye tifulumire asanadziiwale yekha."

"Ndipo mukafunsa bwanji? Dzina simungatchule. Tsiku simungatchule. Mukangoti, 'A Chindevu, mukukumbuka kanthu kaja?'"

"Hoskie, unali ndi pakamwa pokagula. Ukhale napo pokafunsa."

Ndinatuluka m'chisakasa nditanyamula kamwana ka nkhosa.

"Amayi, sukulu imene yandilemba ntchito itsegula posachedwa. Ndidzachokera m'khola muno kukaphunzitsa ana a anthu?"

"Wamva?" amayi anatero kwa amalume. "Mwana akununkha nkhosa chifukwa cha mphatso yako."

"Ankanunkha nkhosa asanapite kusukulu."

"Amalume, inu munandiuza kuti ndaoneka ngati mkazi wa mfumu."

"Unaonekadi. Zimenezo sindibweza."

Tinanyamuka Loweruka lotsatira. Ine ndinakwera kumbuyo kwa galimoto ya amalume pamodzi ndi bulangeti, lomwe amalume analiponya m'thumba la ufa. Amayi anati popeza ndalikhudza kale, palibe chimene chingaonjezeke.

Sitolo ya ku Mwala Wosweka inali itasintha. Kauntala yaitali ija, yomwe ndili mwana ndinkangoona mimba za anthu oimirira kuseri kwake, inali itapakidwa zonyezimira. Mbaula ya pakati, pomwe akuluakulu ankakhala tsiku lonse posankha chitini chimodzi cha mapichesi, anali ataichotsa. Pakhoma panali zoyala pansi zoomba akazi a kwathu, china mwa izo cha amayi, ndipo mzungu wina wapaulendo ankachisisita ngati mphaka.

Mwini sitolo tsopano anali Dale, mwana wa a Chindevu. Anthu amamutchula Chindevu Wamng'ono ngakhale kuti kuchibwano kwake kuli see. Chinenero chathu amachilankhula mopunduka, choncho anatembenukira kwa ine.

"Lorinda! Ndamva kuti wamaliza. Bulangeti lija unalikonda?"

Ndinamufotokozera. Nkhope yake inafiira kuyambira m'khosi.

"Ayi, pali cholakwika penapake. Amenewo ndi mabulangeti a chikole omwe eni ake sanabwere kudzawombola. Bambo anatero."

Ndinawamasulira amayi.

"Muuze kuti mkulu wanga sanaikepo chikole."

"Auze kuti asankhe lina lililonse pashelefu apo, latsopano, kwaulere. Ngakhale awiri."

"Muuze kuti sindikumva kuzizira. Ndikufuna bambo ake."

Dale anayang'ana mzungu wapaulendo uja, nayang'ana thumba la ufa, kenako anatsegula kachitseko ka pakauntala. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo munthu wa kwathu akudutsa pamenepo. Amalume anavula chipewa polowa.

A Chindevu tinawapeza kuchipinda cha kumbuyo, pampando wamatayala, pafupi ndi mbaula yakale ija. Ndevu zinali zitatsala zowerengeka. Koma atatsegula pakamwa, chinenero chathu chinatuluka chosalala, cha akuluakulu, choposa changa.

"Uyu ndi Nazbah," anatero poona amayi. "Woomba mothina. Zako sindinkaziyeza kawiri. Wabwera ndi chiyani lero?"

Amayi anandikodola ndi maso. Ndinakhuthula thumba pansi, bulangeti linafunyululuka, ngodya yosoka ija ili pamwamba.

"A Chindevu, munatiikira munthu."

"Ndinaikira anthu ambiri."

"Wa kwathu, kuseri kwa phiri lofiira. Mkazi. Tinakusiyirani ili pakhomo."

Mkuluyo anatsinzina. Kenako anatchula dzina, lonse, momveka bwino. Amayi anakoka mpango natseka makutu. Amalume anayang'ana kudenga. Ine kanali koyamba kulimva, ndipo linali dzina lokoma.

"Ameneyo," amayi anatero atatsitsa mpango. "Munamufunditsa kapena ayi?"

"Nazbah, unaliko?"

"Mukudziwa kuti sindikanakhalako."

"Palibe amene ankakhalako. Munkathawa nonse. Ine ndinkalowa ndekha, ndinkasambitsa ndekha, ndinkakumba ndekha nthaka itauma gwa ndi chisanu. Ndani mwa inu anabwerapo kudzandigwirira fosholo?"

"Tinkakuthokozani."

"Munkandithokoza muli patali. Pambuyo pake munkakana kundigwira chanza kwa masiku, koma ufa wanga munkadya."

"Bambo," anatero Dale m'Chingerezi, "auzeni kuti ndi la chikole."

"Khala chete iwe, sudziwa kanthu." Anabwerera m'chinenero chathu. "Ena ndinkawafunditsa. Ena ndinkawakulunga m'masaka a ubweya, oyera bwino. Nthaka sisankha. Bulangeti labwino chonchi, kuliwoletsa pansi amoyo akunjenjemera? Ndinkaona ngati tchimo."

"Ndiye munkaligawa kwa onjenjemerawo?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana koyamba.

"Uyu ndi ndani?"

"Mwana wanga," anatero amayi. "Ndi amene walifunda. Yankhani za mkulu wanga."

"Panalinso ena," anapitiriza ngati sanamve. "Kukakhala kutali, ndinkawanyamulira m'bulangeti mpaka kumanda, poti m'saka munthu amaterereka. Tikafika ndinkasintha."

Amalume anakhala pansi pa thumba la mchere.

"Ndiye likhoza kukhala kuti linamukhudza, komanso iye nkupita wosafunda," anatero. "Zonse ziwiri."

"Mkulu wanga anali m'gulu liti?" anafunsa amayi.

"Kunali chisanu, ndikukumbuka. Hatchi inakana kukwera chitunda." Anaima kaye. "Kapena ameneyo anali wa kwa Deschenie. Nayenso anali ndi lobiriwira."

"Taganizani bwino."

"Anali wopepuka. Onse achifuwa anali opepuka."

Amayi anadikira. Mkuluyo anayang'ana mbaula, milomo ikuyenda yokha, ndipo atatembenukanso anamwetulira.

"Nazbah. Wabwera ndi chiyani lero?"

Dale anatiperekeza mpaka pakhonde, akupepesa m'zinenero ziwiri. Amayi anaima pamenepo.

"Mufunse kuti m'bokosimo munali angati."

Ndinamufunsa. Anati linali lodzaza.

"Atsala angati?"

Anati latsala pang'ono kutha. Anthu anawakonda. Nthawi yomaliza sukulu ana ambiri anavekedwa, ndipo ena anagulira ukwati.

"Muuze izi," anatero amayi, "ndipo usazikometse. Agogo ako ankaomba zofunda, ife tinkafunda zathu. Anthu a sitolo anabwera nati, ombani zoyala pansi kuti azungu azipondapo, zofunda muzigula kwa ife. Tinavomera, poti zinali zofewa ndi zokongola. Tinagula. Sindinkadziwa kuti chimodzi chomwecho tidzachigula kawiri."

Ndinamasulira osakometsa. Dale anati iye sankadziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti sankadziwadi. Anafunsa kuti achite chiyani ndi otsalawo. Ndinawafunsa amayi. Iwo anali atayamba kale kutsika masitepe.

Pobwerera amalume anaimitsa galimoto pampope kuti atunge madzi. Anadzaza migolo mwakachetechete, kenako anabwera kudzatsamira pomwe ndinakhala.

"Lorinda, iwe waphunzira. Tiwauze anthu?"

"Sindikudziwa, amalume."

"Tikawauza, nyumba iliyonse mukhala munthu wogona kuchisakasa. Mkazi wa mnansi wathu Etsitty anaveka limodzi mwana wake wobadwa kumene. Tikapanda kuwauza..." Sanamalize. "Mwina enawo analidi a chikole."

"Mwina."

"Nanga langa lija ndinagula chaka chatha, la mizere yabuluu?"

"Munaligula latsopano?"

"Linkaoneka latsopano." Anakanda m'khosi. "Ndiye kuti chiyani tsopano? Tinapita ndi funso limodzi, tabwera ndi dengu."

Amayi anagogoda pagalasi kuti tizipita.

Masiku otsatira amayi sanatchulenso nkhaniyo. Bulangeti linabwerera mumkungudza, ine ndinabwerera kwa ana a nkhosa. Khofi ankafikabe pamwala. Koma chowombera chinakhala chophimba, ndipo kangapo ndinawaona ataima pakona pa khola, akuyang'ana kumpoto, kumene sitiyenera kuyang'anitsitsa.

Amalume ankabwera tsiku lililonse ndi nzeru yatsopano. Tsiku lina anati tilibweze kusitolo, choipa chitsate mwini. Mawa lake anati ayi, angaligulitsenso. Anati tikalisiye kumanda, koma palibe amene ankadziwa malo ake, poti wodziwa anali yemwe uja wa pampando wamatayala. Anati tifunse abusa a kumishoni, kenako anakumbuka kuti abusawo anafundanso lawo la kusitolo komweko paubatizo.

"Ine ndangosokonezeka," anatero Lamlungu masana, atakhala pachitsa pakati pa nyumba ndi chisakasa kuti tonse timumve. "Ndikati mwanayu ndi wodetsedwa, ndilibe umboni. Ndikati ndi woyera, ndilibenso umboni. M'mphuno imodzi simulowa zala ziwiri, koma apa zalowa zitatu."

"Ine ndinyamuka Lachitatu," ndinatero. "Ndikakhala kunyumba za aphunzitsi. Mukadzadziwa mudzanditumizire uthenga."

"Upite osalowa m'nyumba ya amayi ako?"

"Nanga nditani, amalume? Ndipite ndi ana a nkhosa?"

"Achemwali, mukumva? Mwana akupita ngati mlendo. Madzi akatayika saoleka. Wopitayo anapita, kaya anafunda kaya sanafunde. Uyu ndi wamoyo. Nenani kanthu."

Amayi anali pakhomo akupota ulusi. Anapota mpaka ubweya wa m'manja unatha. Kenako anaika chopotera pansi, nadzuka, nayenda kulowera kumpoto.

"Akupita kuti?" ananong'ona amalume.

Anafika pamkungudza, natambasula manja awo enieni, natsitsa bulangetilo. Analikutumula fumbi. Analipinda bwinobwino, mphonje m'kati, nabwera nalo atalikumbatira pachifuwa. Amalume anadzuka pachitsa nabwerera m'mbuyo mpaka anagunda mgolo wa madzi.

"Achemwali, mwatani?"

"Lorinda, tenga sutikesi yako ulowe m'nyumba. Usambe kaye, ukununkha."

"Nanga mwambo?" anafunsa amalume.

"Sitichita."

"Nanga limenelo?"

"Likhala m'bokosi langa. Tsiku langa likadzafika mudzandifunditse ine. Ndipo musadzaitane wa sitolo kapena wa kumishoni. Udzandifunditsa ndiwe, Hoskie, ndi manja ako."

Amalume anatsegula pakamwa, koma amayi anali atalowa kale.